Che Sidiki ndi Kazitape wa M'galimoto

Ku Senga Bay ukangotchula Che Sidiki, anthu amayamba acheukira kumsewu, ngakhale eni dzinawo anaikidwa m'manda chaka chatha. Bambo amenewa ankadana ndi buleki. Ankati buleki ndi ya anthu osadziwa kumene akupita. Alendo amene ankawatenga ku Salima boma ankafika kunyanja atalapa machimo onse, ena ndi a makolo awo omwe.

Galimotoyo inali ya Mayi Pauline, eni malo ogona alendo m'mphepete mwa nyanja. Kuwachotsa ntchito sakanatha, poti anali dalaivala wa malemu amuna awo, komanso wokhulupirika moti ukanawatuma ndi thumba la ndalama losamanga kukamwa. Koma a inshuwalansi anali atatopa. Galimoto inali itagundapo ngolo, mpanda wa eni ake, ndi mbuzi zosawerengeka, ndiye mtengo unkangokwera chaka ndi chaka.

Tsiku lina a inshuwalansiwo anati, "Mayi, tiikemo kachipangizo kolondola galimoto. Kakaona kuti ikuyendetsedwa bwino, tikutsitsirani."

Kachipangizoko anakamangirira kunsi kwa chiwongolero. Che Sidiki anakayang'ana nthawi yaitali.

"Amayi, kameneka kamaona?"

"Kamaona zonse. Mukathamanga, kamandiuza pa foni."

"Ndiye mwandikweza ndi kazitape. Kamadya chiyani?"

Sabata yoyamba foni ya Mayi Pauline inkalira ngati kuli maliro. Che Sidiki anamukulunga kazitapeyo m'chitenje kuti asaone, koma mauthenga ankabwerabe. Anayesa kumunyengerera. Alendo ankawamva akunong'oneza pansi pa chiwongolero, "Achimwene, apa pokha tsinzinani, ndi potsetsereka."

Kenako anapeza nzeru. Anakamasula n'kukamangirira panjinga ya mnzawo wa kabaza. Tsiku limenelo foni inali zii, mpaka masana pamene a inshuwalansi anaimba.

"Mayi, tikuyamika kuti liwiro latsika. Koma galimoto yanu yadutsa bwanji pakati pa mabenchi a usipa mumsika? Panopa ikuoneka kuti ili m'dimba."

Anthu anaseka mwezi wathunthu. Che Sidiki anabwezera kachipangizoko pamalo pake, n'kunena kuti nkhondo ikadalipo.

Nyengo ya mwera itafika, zinthu zinasintha popanda wowakakamiza. Galimoto inayamba kuyenda ngati yanyamula mazira. Akabaza ankaipitirira akuimba belu monyoza. A inshuwalansi anatsitsadi mtengo, ndipo Mayi Pauline anawagulira Che Sidiki nsapato zatsopano. Iwo analandira ndi manja awiri, osaponya nthabwala ngakhale imodzi. Apa m'pamene mtima wa mayiwo unayamba kukayika.

Pa foni, galimoto inkaoneka ngati kadontho koyenda pamsewu. Mayi Pauline anazindikira kuti kadonthoko kayamba kumaima pamlambe wina, pamalo opanda nyumba, opanda msika. Mphindi khumi. Tsiku lina makumi awiri.

"Che Sidiki, pamlambe paja mumaimirapo chiyani?"

"Mbuzi zimawoloka, Amayi."

"Mphindi makumi awiri?"

"N'zambiri. Zina zimabwerera kukatenga anzawo."

Che Sidiki anaseka okha, koma dzanja lawo linali pachifuwa, ndipo thukuta linali chuchuchu kunja kukuzizira. Mayi Pauline anawauza kuti Lachisanu akachoka ku mzikiti apite limodzi kuchipatala. Iwo anati, "Inshallah," maso ali kumbali.

Lachinayi masana anatumidwa ku boma kukagula zamasamba. Pobwerera kadontho kanaima pamlambe paja. Mayi Pauline anali kuyala nsalu pamatebulo, akusuzumira foni. Theka la ola linatha. Anaimba, foni inangoitana. Anaimbanso. Mphepo inkamenyetsa chitseko cha khitchini, ndipo palibe amene anapita kukachitseka. Ola litakwana anasiya nsalu pansi n'kukwera njinga yamoto, patapata ali m'manja.

Galimoto anaipeza itaimikidwa bwinobwino kunja kwa phula, injini yozimitsa, buleki ya pamanja itakokedwa mpaka kumapeto. Tomato anali m'dengu osaphwanyika ngakhale mmodzi. Che Sidiki anali atatsamira chiwongolero, chipewa chawo chili pamwendo. Anamva kuti imfa yafika, ndipo anapatuka kuti asapweteke munthu.

Anawaika m'mawa mwake. Akabaza, amene kwa zaka zambiri ankathawira m'tchire akamva hutala yawo, anabwera onse, njinga zili mdadada kuchokera kumzikiti mpaka kumsewu.

Patapita milungu itatu, kalata inafika kuchokera ku inshuwalansi. Inkayamikira dalaivala wa Mayi Pauline chifukwa choyendetsa mosamala miyezi yapitayo, n'kupempha kuti apitirize choncho. Mayiwo anaiwerenga ali chiimire, anafuna kuseka, koma chinatuluka china. Anaipinda n'kuiika m'Baibulo.

Masiku ano galimoto ija imayendetsedwa ndi dalaivala wina waulemu, amene palibe akudziwa dzina lake. Amayi ogulitsa mango asendeza madengu awo mpaka m'mphepete mwenimweni mwa phula, nkhuku zimadya pakati pa msewu mosatekeseka. Alendo amafika kunyanja akusinza, ndipo akatsika alibe nkhani yoti asimbe.