Kaseti ya Bambo ndi Zitoliro za ku Japan

Lolemba, 9 Okutobala 2006

Lamulungu likudzali akuvundukula chiliza cha bambo ku Ntcheu. Ine ndili kuno ku Walsall, ku Mangalande, tchuthi andikaniza, ati anamwino tachepa. Basi, mwambo wanga ndichitira pabalaza pompano.

Zofunika:
amayi a kutchalitchi anayi
mandasi ndi tiyi
kaseti ya bambo

Kasetiyo ndi imodzi yokha, ija ananditumizira chaka chomwe ndinabereka Tamanda. Kalata ya pakamwa, mphindi zisanu zokha, mawu ali wiriwiri chifukwa mabatire anali obwereka. Bambo anali choncho, ngakhale pemphero la chakudya ankalithamangitsa. Tamanda akuti aisamutsira pa CD, poti kukoleji akuphunzira zoimba za pakompyuta. Kubala n'kwabwino!

Lachiwiri, 10 Okutobala

M'nyumba mukumveka kulira kwachilendo. Ndathamangira kukaona boila yotenthetsera madzi, ili bwinobwino. Kani ndi kuchipinda kwa Tamanda, ndipo ati ndi nyimbo! Za kunyumba ya mfumu ya ku Japan, dzina lake gagaku, iye akuzisakaniza ndi kung'ung'uza kwa makina. Chitoliro chikulira ngati udzudzu wolowa m'neti. Ng'oma: gu! Kenako zii. Ndapita kukatereka madzi, ndabwerako, ndiye yachiwiri: gu! Kwathu woimba ng'oma wotereyu akanamulanda kalekale.

Ndafunsa kuti amavina bwanji. "You don't dance, Mum. You just sit in it." Kukhalamo? Ndi bafa kodi?

Lachitatu, 11 Okutobala

Achimwene aimba foni ndili pabasi. "Mlongo, chiliza chatha, matailosi akuda, chokongola zedi. Abale onse abwera, wasowa ndiwe wekha." Ndangoyang'ana mvula pawindo. Maliro sindinawaone, chiliza sindichionanso. Ndawasowa bambo, ndipo lero zikuwawa.

Madzulo Tamanda: "Grandad's voice is gorgeous. Can I use a bit?" Ndavomera ndi mutu, maso ali pa mpunga.

Lachinayi, 12 Okutobala

Mayo ine! Bambo alowa m'nyimbo za ku Japan!

Tamanda wandikhazika pabedi, wandiveka zomvera m'makutu. Zitoliro, mphepo, ng'oma yaulesi ija. Kenako chifuwa cha bambo, chokokedwa mpaka kumveka ngati bingu lakutali. Kenako mawu awo akuti "shiiiiii", osaleka, mphindi zitatu zathunthu. Mwana watsinzina, ati: "It's like a blessing, innit?"

Mwana wanga, pamenepo agogo ako akuingitsa nkhuku pa ufa!

Ndaseka mpaka misozi, ndavula zomverazo nyimbo isanathe. Kuseka kwatha, misozi yatsala. Ndalamula: kaseti yonse pa CD, yopanda Japan. "Tomorrow, promise."

Lachisanu, 13 Okutobala

Mawa lake lafika. Makina osamutsira ndi a kukoleji, chipinda chake atseka mpaka Lolemba. Chabwino, tiliza kaseti yeniyeniyo. Koma pa chiyani? Wailesi yathu tinaitaya posamuka ku Aston, ineyo ndi amene ndinati ndi yachikale.

Ndapita kumsika wa ku Bilston. Ndapeza:
wailesi ya kaseti, yakale, fumbi lokhalokha
chitenje ayi, kuno kulibe
anyezi

Wogulitsa: "Works a treat, bab." Ati imalira bwino zedi. Nkhope yake ya munthu woona mtima.

Loweruka, 14 Okutobala

Ndikuyesa wailesi, kuti mawa ndisachite manyazi. Ndadina. Bambo: "Kuno tonse tili bwi..." Krrrr!

Yatafuna. Yatafuna bambo anga!

Ndayesa:
kukulunga ndi bolopeni
kulumikiza ndi pulasitala
kupemphera

Manja omwewa amapeza mtsempha pa mkono wa nkhalamba, koma lero alephera. Tepi yaduka pawiri, yakwinyika, pakati yatsalira m'mano a wailesi. Ndafunsa Tamanda ngati yonse ili m'kompyuta. Walira. "I only took three bits, Mum. I'm sorry." Sindinamukalipire, wogula wailesi ndine. Chakudza sichiimba ng'oma, ngakhale ya ku Japan.

Mandasi apserera.

Lamulungu, 15 Okutobala

Amayi abwera onse anayi, mipango kumutu. Tapemphera, taimba. Ndawauza kuti timva mawu a malemu, zina sindinafotokoze. Tamanda waika CD yake.

Zitoliro zayamba. Amayi a ku Chipata andinong'oneza: "Ni ya Chikatolika iyi, asisi?" Pa chifuwa chija onse aweramitsa mitu. Pa "shiiiiii" amayi a tcheyamani akweza dzanja: "Ameni! Munthu wa Mulungu!" Sindinawakonze. Nkhuku ija ikhale chinsinsi chathu ndi bambo.

Ndiye kwabwera chidutswa chachitatu, chomwe Lachinayi sindinachifikire. Ng'oma: gu! Kenako bambo akundiitana. "Naaa... ngooo... zooo..." Mfunda wanga, mmene anayambira kalata ija, koma pang'onopang'ono, mphindi zinayi. Tiyi wazizira m'manja.

Alendo apita. Achimwene atumiza uthenga kuti mwambo wayenda bwino. Kaseti ndaikulunga m'kampango, ili m'sutikesi. Nkhani za mvula, za mbuzi, malangizo aja, zonse zapita. Zatsala zitatu: chifuwa, nkhuku ndi ine.

Ndauza Tamanda aibwereze. Bambo amene moyo wawo wonse anali pa liwiro, lero alibe kopita, mabatire sakutha. Sanandiitanepo motalika chonchi.

Ndayankha kuti, "Ndili pano, bambo." Tamanda watsamira paphewa langa. Sitikuvina. Tangokhalamo.