Mimba ya Khoma la Apongozi

Mpaka lero ndikalowa m'khitchini mwathu, maso anga amazemba kona ya kumanzere, pamwamba pa sinki. Pali tailosi limodzi lopendekeka limene limandikumbutsa tsiku lomwe pakamwa panga panatsala pang'ono kundisamutsa pamudzi.

Ine ndine mkamwini. Ndinakwatira kufupi ndi Bembeke, ndipo nyumba tikukhalayi anatipatsa ndi apongozi, iwo n'kusamukira m'kanyumba kakuseri. Chaka chimene kachewere anatikomera, mkazi wanga, make Tadala, anapempha chinthu chimodzi: matailosi pakhoma, pamwamba pa tebulo la simenti lomwe amatsukirapo mbale, chifukwa madzi anali atadya pulasitala yense. Za mmisiri ndinakana. Ntchitoyi ndinali nditaionera pafoni katatu konse (munthu wa pafoniyo ankamaliza osatuluka ndi thukuta lomwe), komanso ndinkafuna pamudzi adziwe kuti mkamwini uyu si wa khasu lokha.

Mzere woyamba unagona bwino. Wachiwiri unayamba kusiya mipata. Pofika wachitatu, tailosi lililonse linkagwedera ngati dzino la mwana. Nditagoneka thabwa pakhoma ndinaliona vuto: khomalo linali ndi mimba pakati, m'mbali muli molowa. Wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ndinawonjezera simenti kumbuyo kwa matailosi, iwo n'kumatsetsereka. Ndinakanikiza ndi chibakera, awiri anasweka. Ndinatenga hamala kuti ndiphwetse mimbayo, pulasitala anagwa chigamba chachikulu mpaka njerwa kuonekera.

Apa mtima unandikwera. Ndinauza make Tadala, mokweza ndithu, kuti amene anamanga khomali anali ataledzera, ndipo ine ngakhale khola la nkhumba sindingamupatse. Iye analoza pawindo ndi mlomo, kenako ananong'ona kuti, "Anamanga ndi bambo."

Panja, pansi penipeni pa windolo, apongozi aamuna anali akuothera dzuwa uku akusankha nyemba. (Zaka zisanu ndi ziwiri ndikugona m'nyumbayi, sindinafunsepo amene anaimanga.) Ndinachita mantha, ndisaname. Mkamwini wonyoza mwini nyumba, m'nyumba yopatsidwa! Ndinaiona kale nkhani ikufika kwa ankhoswe, ine nditakolekera kachikwama ulendo wobwerera kwathu ku Lobi. Tsiku lonselo apongoziwo sanandiyankhule, ndipo kuchigayo ndinadzera njira ya kudimba powazemba.

M'mawa mwake anaodira pakhomo la nyumba yomwe anamanga okha. Anapempha chingwe ndi misomali iwiri. Anakunga chingwecho kuchokera kona mpaka kona, n'kundionetsa ndi chala malo olowa onse. Anati ndichotse zomwe ndinamata, ndidzaze pulasitala mpaka afanane ndi chingwe, ndidikire aume masiku atatu, matailosi pambuyo. Ine ndinkangoti inde, inde, kudikira chigamulo.

"Khomali ndinamanga ndili mkamwini watsopano," anatero, maso ali pachingwe. "Apongozi anga anaika mpando apo, tsiku lonse akundiyang'ana. Mimbayi ndinaiona ikubwera, koma kugumula pamaso pawo ndinachita manyazi."

Zinandikhudza. Ndinali ndisanaganizepo kuti bambo wa imvi ameneyu nayenso anafika pamudzi pano ndi kachikwama, akufuna kuoneka munthu. Ndinagwada n'kupepesa. Iwo anangoti chingwe chakhwepa, ndichikoke.

Tinachotsa matailosi anga onse, kupatula la pakona lija, lomwe linali litagwira zolimba chipendekekere. Nditanyamula hamala, anandigwira mkono.

"Lisiyeni," anatero. "Naye mwamuna wa Tadala adzafuna pokunyozerani."

Tadala ali sitandade 2, ndiye nthawi ikadalipo yoti ndikonzekere kukhala pansi pa windo n'kumva zanga osayankha. Kunyoza ntchito za anzanga sindinasiye kwenikweni. Kungoti masiku ano ndimayamba ndasuzumira panja.