Kuperekeza Cordelia ku Roma

Inu, tamverani! Chaka cha 1879 kabuku kochepa ngati chikhatho kanatidanitsa ife Aamerika pa hotela ina ku Roma. Kankanena za mtsikana wakwathu woyenda ndi amuna achilendo popanda womuperekeza. Pa chakudya inali nkhondo. Mayi Pruitt, amasiye a ku Boston, ankamenya supuni patebulo: "Watinyoza wolembayu! Ana athu satero!" Ena amvekere, "Zoona zimawawa, mayi."

Ine Ezra Tuttle, wogulitsa mbaula ku Ohio, kabukuko sindinawerenge, koma pakamwa mpanga, ndiye ndinalengeza:

"Mwana wanga Cordelia ndizimuperekeza ndekha, Roma yense aone mwambo wathu!"

"Ababa, mukatopa," anatero Cordelia.

"Khala chete iwe. Mbuzi yopanda mbusa imadya za eni."

M'mawa mwake tili kupaki, ine chifuwa patsogolo, chipewa chachitali pamutu. Mphepo nayo! Chipewa ulendo. Ndinachithamangitsa mpaka kuchigwira, ndipo pobwerera ndinaona diresi yobiriwira ngati ya Cordelia itaima pakasupe. Ndinaigwira mkono.

"Tiye kunyumba, amuna akuno ndi afisi."

Kutembenuka, abale inu, mkazi wa mwini! Mwamuna wake ali pomwepo, ndevu ngati tsache. Mayiyo kukuwa, bamboyo kukweza ndodo. Chitaliyana changa chonse ndi mawu amodzi, a kuthokoza basi, ndiye ndinangoti zikomo, zikomo, ndikubwerera chafutambuyo, mpaka phava! m'madzi, miyendo m'mwamba.

Apolisi anandivuula n'kukanditsekera. Ndikati ndifotokoze ndi manja, mlandu unkangokula. Ndili zyoli pabenchi, madzi akuchucha m'matumba, ndinaona Cordelia akulowa, pambali pake mnyamata wa duwa pachifuwa.

"Iwe, ameneyu ndani?"

"Kaya, ababa. Ndamupeza pamsewu, amalankhula Chingerezi. Ndimubweze?"

Wapolisi ankaseweretsa makiyi.

"Ayi ayi, mnyamata waulemu ameneyu, nkhope ikuchita kunena."

Mnyamatayo analankhula, apolisi anaseka mpaka misozi, ndinatuluka. Tinadutsa msewu waukulu dzuwa likuswa mtengo, iwo awiri patsogolo akucheza, ine pambuyo nsapato zikulira tchwa, tchwa.

Nkhani inali itafika kale pa hotela. Mayi Pruitt anaika supuni yawo patebulo mwaulemu, n'kutsokomola.

"Bambo Tuttle, amayi tonse tagwirizana. Mukafuna kutuluka, muziyamba mwapempha Cordelia akuperekezeni."