Mwala wa pa Mtsuko wa Kabichi

Ku Vessey, ku Kansas, ukamva mawu akuti "dikirani kaye, musautaye," unkadziwa kuti afika a Orval Dreiling. Malemuwa ankayenda ndi maginito womangirira ku chingwe, ndipo m'minda yonse ya tirigu munalibe mwala umene sanaupatse moni. Ankafuna umodzi wokha, wogwa kuchokera kumwamba, poti wotere umakoka maginito.

"Khungu lake limakhala lakuda ngati buledi wopserera," ankalalikira choncho ngakhale pamaliro. "Kulemera kuposa msinkhu wake, m'kati timibulu ngati mapira. Ndikaupeza, Lenora, mwalawo udzatchedwa dzina lako."

"Yambani mwapeza magalasi anu," ankayankha akazi awowo. Koma mumtima ankayembekezera ndithu, zaka makumi atatu zathunthu.

Tsiku lina a Lenora anawatuma kuchipinda chapansi kukatapa kabichi wovundika. Maginito uja analendewera pamtsuko, kenako kakaka pa mwala wotsenderezera kabichiyo, umene mayiwo anatola okha m'munda chaka cha ukwati wawo.

"Mayi! Zaka zonsezi mumandibisira?"

"Munandifunsa? Bwezeranipo, kabichi awonongeka."

Sanabwezere. Anautumiza ku yunivesite, akatswiri n'kuucheka pakati. Kalata inati unagwadi kumwamba, ndi wa gulu la miyala ya timibulu, lofala kuposa onse. Dzina? Miyala yotere simatchedwa dzina la munthu, imatenga la malo apafupi okhala ndi positi ofesi. Ya ku Vessey inali itatsekedwa, choncho mwala unatchedwa Brandt, katauni kamene kamachinya a ku Vessey pa mpira chaka ndi chaka. A ku Brandt anakhoma chikwangwani, mpaka kuguba ndi malipenga.

"Mwala wanga, dzina la eni, kabichi wawola," anatero a Lenora. "Mwandigwiritsa fuwa la moto, bambo inu."

A Orval anangokanda m'mutu, amvekere, "Sindinkadziwa."

Atamwalira, a Lenora anatsegula buku lakale la miyala la amuna awowo. Lamulo la mayina lija linalimo, lolembedwa mzere kunsi ndi inki yofwifwa kalekale. Nkhalamba ija inkadziwa zonse! Mayiwo analira ndi mkwiyo, chifukwa wokalipira panalibenso.

Lero miyala ya ku Vessey imangogona m'minda, yosowa woifunsa kumene inachokera. A Lenora amati sadzawakhululukira. Koma mnansi wina atatola mwala wakuda kuti agende galu, anamva mayiwo akufuula pakhonde:

"Dikirani kaye, musautaye!"