Azamba a Akalulu

Azamba a akalulu sankayankhula ndi anthu. Amene munawapeza ali moyo mundivomereze. Ukawapatsa moni, iwo ankayankha kalulu amene wanyamula. Zonse zimene ankafuna kukuuza iwe ankauza kaluluyo, iwe uli chiimire pomwepo, mzere wonse ukumva.

Mzere unkakhalapo ndithu, chifukwa akalulu akakana kuswa tonse tinkathamangira kwa iwo. Ankangogwira kalulu pamimba, kusisita ndi chala, basi vuto alipeza. Malipiro ake ndiye anali manyazi.

Tsiku lina kunabwera mkazi wa mwini golosale, mayi wathupi lake, kalulu ali mubasiketi. Azamba anamunyamula n'kubuula ngati akweza thumba la simenti.

"Mwanawe, wakuchita chipongwe chotere ndani? Mafuta atseka njira yonse. Mwamuna angayambire pati? Kwanuko nonse mumadyera m'beseni eti?"

"Azamba, mukunena ine?"

"Uwauze amayi ako kuti ine ndikucheza ndi iwe. Akuchepetsere madeya, azikupatsa masamba. Koma madeya otsalawo asamalize okha."

Mayiyo anachoka akutukwana, koma madeya anachepetsa, kalulu n'kuswa.

Kunabweranso kalipentala wina amene ankakhala m'nyumba yomanga mkazi wake. Kalulu wake wamwamuna anali ndi mabala m'makutu.

"Ndikamulowetsa m'khola la wamkazi, amangolumidwa," anadandaula.

Azamba anamusisita kaluluyo pamutu. "Pepa bambo. Wamkazi ndi amene amapita kwa wamwamuna. Mwamuna wolowa m'khola la mkazi amalumidwa, n'kumangonjenjemera pakona. Funsa abwana akowa. Chipsera chili pakhutu pawocho sanachitenge ku ntchito."

Mpaka lero ana amamutcha a Pakona.

Tinkaseka, aliyense akudziwa kuti mawa ndi iye. Koma amene ankalawa lilime limeneli tsiku ndi tsiku anali mpongozi wawo, mtsikana wofatsa wosoka zovala. Anakwatiwa ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, wowotcherera zitsulo, ndipo zaka zinkapita popanda mwana. Makina ake osokera ankakhala pakhonde, moyang'anizana ndi makola.

M'mawa uliwonse Azamba ankatsegula khola mokweza mawu. "Iwe ntchito kudya basi, mimba ayi. Pakhomo pano wosaswa amaonana ndi mpeni." Kalulu wina wosabereka anamutcha Telala, ndipo tsiku limene anamupha anatumiza mwendo wake pambale kwa mpongoziyo.

Mtsikanayo ankangopalasa makina, maso pansalu. Koma tsiku lina, mzere utafika mpaka kumsewu, anadzuka, natsegula khola la kalulu wamkulu wamwamuna amene Azamba ankanyadira, namunyamula bwinobwino.

"Bambo, tandithandizani. Paja amayi amaphunzitsa anthu kuti mwamuna wokhala potentha tsiku lonse mbewu zake zimapsa. Amatinso usanaphe wamkazi, uyambe wamuyesa kwa mwamuna wina. Nanga bwanji lamuloli limagwira ntchito m'makola mokha?"

Mwamuna wake anali pomwepo, akukonza chitseko cha khola. Anatsitsa chigoba chake chakumaso ngakhale makina owotcherera anali ozimitsa.

Madzulo ake mtsikanayo anakweza makina osokera pawilibala n'kumapita. Anakwatiwa ndi wometa tsitsi wa kumsika, ndipo pasanapite nthawi anadutsa pageti pomwepo, mwana kumsana, mwana kutsogolo, mapasa. Ankayenda pang'onopang'ono ngati msewu ndi wa bambo ake. Tonse tinatembenukira kwa Azamba. Iwo anayang'ana anawo mpaka anakhota, kenako anaweramira kalulu amene anali pamiyendo pawo.

"Makutu ngati zitseko za galimoto," anatero. "Koma waswa."

Tsiku limenelo sanaonenso kalulu wa munthu.

Matenda ofa ziwalo atawagwira, anayamba ndi pakamwa. Mwana wawo ankawagoneka pakhonde popita ku ntchito, ndipo odzazonda matenda anachuluka modabwitsa. Palibe amene ankakhala pamphasa. Onse ankalunjika kumakola, n'kumacheza ndi akalulu mokweza: "Mwanawe, amayi ako akhala chete bwanji? Lilime latha mafuta?" Azamba ankamva zonse, diso limodzi likutuluka misozi, dzanja labwino lija likusisita bulangete.

Maliro atatha, mwana wawo anagulitsa akalulu onse kwa wowotcha nyama, makola n'kuwadula kukhala zitsulo za mawindo. Sanakwatirenso.

Masiku ano kalulu akakana kuswa timafunsana mwaulemu, wina n'kuti mwina ndi nyengo, winanso n'kuti mwina ndi mtundu wake, kenako timangomupha. Masamba a m'mbali mwa msewu uja akula mpaka m'mawondo, wowathyola palibe. Ndipo podutsa pageti paja timatsitsabe mawu, n'kumanamizana kuti tonse tikuoneka bwino.