Maiki Yanga ndi Apongozi a Fanuwelo

Lolemba

Maiki yafika! Msuweni wanga wa ku Joni waitumiza, dalaivala wa minibasi wandipatsira itakulungidwa m'sokosi ngati dzira. Yakuda, yolemera, ya mtundu wa dayinamiki. Pa Kachulu pano palibenso wina angatchule dzina limeneli osaluma lilime.

Ntchito zimene maiki yotere imagwira bwino mu situdiyo. Ndikulemba kuti mawa anthu asadzati sindinkadziwa:

1. Woimba wa mawu amphamvu, mlomo uli pafupi ngati akufuna kuipsompsona.
2. Ng'oma, ngakhale woombayo akhale ndi mkwiyo wa chaka chonse.
3. Sipika ya gitala. Gitala tilibe, koma mfundo ndi mfundo.
4. Malo aphokoso. Imamva chimene chili pamphuno pake basi, zakutali ilibe nazo ntchito. Ikanakhala munthu tikanagwirizana.

Situdiyo ndi chipinda cha kuseri kwa nyumba ya a malume, mosungira matemba ouma. Ndakhoma matileyi a mazira m'makoma, bulangete pazenera, laputopu pathebulo, batire la sola pansi. Ndikawomba m'manja makoma akuyankhabe pang'ono, ndipo fungo la nsomba lakana kusamuka.

A malume aima pakhomo: "A Digiri, Lamulungu masana matumba a matemba akubwera kuchokera ku chilumba cha Chisi. Tikapanda kumva nyimbo yeniyeni, chipinda n'cha matemba, inu ku Likangala kukapirikitsa mbalame mumpunga."

A Digiri. Mudzi wonse umanditchula choncho, ukudziwa bwino lomwe kuti digiriyo ndinaisiya ku Zomba m'chaka chachitatu. Iwo amati anandichotsa. Ine ndimati ine ndi yunivesite tinasiyana maganizo.

Lachiwiri

Tsiku loyesa. Ndatsegula chitseko dala. Chigayo chikulira, makondakitala akukuwa "Zomba! Zomba!", amayi akukangana ndi asodzi padoko, tambala wa pa nyumba yoyandikana akuchita ngati wina wamulemba ganyu. Ndayankhula pamaiki, ndamvetsera. Mawu anga okha, oyera ngati a pawailesi! Kachulu yense wafufutika. Ndakhala ndikulakalaka zimenezi kuchokera tsiku limene ndinabwerera kuno.

Oimba ndawapeza: kwaya ya tchalitchi chathu. Sikuti ndimaikonda. Ndikufuna munthu mmodzi yekha, Fanuwelo, msodzi amene amatsogolera nyimbo. Ameneyu akaitana bwato ali pagombe, amayankha ndi anthu a m'zimbowera, tinyumba toyandama ta pakati pa nyanja. Iye ndi maiki yanga analengedwa tsiku limodzi.

Pulani: Fanuwelo pamaiki, ena onse kumbuyo kwake ngati utsi.

Wapampando wa kwaya, Mayi Namaona, avomera msanga. "Tibwera, mwanangu. Ana obwerera timawathandiza."

Ana obwerera! Ndameza malovu. Lamulungu adzameza ndi iwo.

Lachitatu

Abwera atatchena yunifomu, ngati maiki ili ndi maso. Amayi alowa ndi maseche, Mayi Namaona patsogolo. Fanuwelo wafika pakhomo, wasuzumira, wabwerera chafutambuyo ngati waponda khala la moto, mpaka pansi pa mtengo wa mango.

Ndamutsatira. Ndati alowe. Iye monong'ona: "Achimwene, muli apongozi."

Ndinali nditaiwala! Anakwatira mwana wa Mayi Namaona, ndipo amakhala chikamwini pamalo awo. Akakumana panjira, Fanuwelo amapatukira kutchire. Kutchalitchi zimatheka chifukwa abambo amaima uku, amayi uko, pakati pali mabenchi ndi Mulungu. Chipinda changa chimakwana matumba, ulemu sukwanamo.

Ndawerenga mabuku ambiri onena za kayendedwe ka mawu. Palibe limene linatchulapo apongozi.

Pamaiki palibe munthu. Ndaitana Esinati, mtsikana wa mawu okoma. Esinati wayang'ana pansi, akuti sangaime patsogolo pa akuluakulu. Ndaitana wina, chimodzimodzi. Mayi Namaona asendera okha, agwira maiki ndi manja awiri. "Poti palibe wina."

Tajambula. Zimene zamveka:

- Mayi Namaona.
- Kupuma kwa Mayi Namaona.
- Chibangili cha Mayi Namaona chikugogoda maiki.
- Kutali uko, kenakake ngati udzudzu wa m'dambo. Ndiyo kwayayo.

Fanuwelo waimba ndi mtima wonse pansi pa mtengo. Mango amva.

Mayi Namaona amayambira nyimbo pa Kachulu n'kukaitsirizira ku Mozambiki, osapondapo kiyi ngakhale imodzi panjira. Kutchalitchi gulu limawaphimba. Maiki yanga siphimba munthu.

Lachinayi

Nzeru zabwera! Kujambula mmodzimmodzi, kenako n'kuphatikiza palaputopu. Kumeneku ndiye kusiyana kwa munthu amene anafikako ku yunivesite.

Ndaitana Fanuwelo yekha, apongozi ali kudimba. Walowa atayamba wasuzumira kuseri kwa chitseko. Ndamuveka mahedifoni kuti azitsatira zadzulo. Ndayatsa. Wadumpha, wawaponya pansi!

"Apongozi m'khutu mwanga? Achimwene, mukufuna banja langa lithe?"

Chabwino, tisiye mahedifoni. Ndamuuza asendeze mlomo pamaiki. Wafunsa ngati ndi yomwe ija anaimbirapo mayi dzulo. Ndi yomweyo, nanga ina ndiitenga kuti? Wakanjuta pakona, manja kumbuyo, n'kumaimba atazolika. Maiki ya dayinamiki simva munthu waulemu. Imafuna wamwano, woiyandikira.

Ndachotsa kasiponji kapamwamba, ndakachapa ndi sopo iye akuona, ndakayanika padzuwa. Akuti nkhani si siponji.

Kuti tsiku lisapite pachabe ndajambula ng'oma. Yamveka bwino moti misozi yalengeza. Pano ndili ndi ng'oma yokoma kuposa ya wina aliyense m'boma la Zomba, yopanda nyimbo.

A malume podutsa: "Mbalame za ku Likangala zikupereka moni."

Lachisanu

Ndaiveka maiki sokosi ina, yofiira. Ndamuuza Fanuwelo kuti iyi ndi mng'ono wake wa ija, yafika dzulo madzulo. Wayang'ana maiki, wayang'ana ine, wati: "Zafanana ndithu." Tonse tikudziwa, koma ulemu wapulumuka.

Waya ndatulutsira pazenera. Fanuwelo panja, msana kukhoma, mlomo pa sokosi. Kwaya mkati, chitseko chotsegula kuti aziimva. Mayi Namaona ndawaimika pakati penipeni, ndawauza kuti ndi pamalo a ulemu.

Waimba. Ambuye! Waimba!

Mawu odzaza, otentha, opanda chigayo, opanda tambala. Kwaya ikumveka kumbuyo pang'ono chabe, monga ndinafunira. Ndakhala pansi mahedifoni ali kumutu, ndikuona kale aphunzitsi anga a ku Zomba atayatsa wailesi, akufunsana kuti anandilola bwanji kuchoka.

Amayi apempha kuti amve nawo. Ndayatsa sipika. Munthu ukaphika bwino umafuna anthu alawe, cholakwa chili pati?

Nyimbo yatha.

Mayi Namaona: "Ine ndili pati m'menemo?"

Ndafotokoza kuti alimo, ali kumbuyo.

"Kumbuyo kwa mkamwini."

Sanakalipe. Amanga chitenje bwinobwino, atuluka, amayi onse pambuyo pawo. Ndasuzumira pazenera: maiki ikulendewera pawaya, Fanuwelo ali kale padoko akukankha bwato.

Loweruka

M'mawa kwabwera Roza, mkazi wa Fanuwelo, mwana kumbuyo. Moni wachidule.

"Amayi sanadye. Akuti mkamwini amene mawu ake akula kuposa mudzi akapeze mudzi womukwana. Bambo a mwanayu agona kuzimbowera, akuopa kubwera. Fufutani nyimboyo, ine ndikuona."

Ndamufotokozera za luso. Ndamuuza kuti mawu ngati a mwamuna wake sabwera kawiri, kuti dziko lonse liyenera kuwamva. Wandifunsa ngati dziko lonselo lili ndi munda woti amugawireko. Kenako wakhala pa batire langa n'kuyamba kuyamwitsa.

Ndaganiza zobisa kope ina ya nyimboyo. Ndizikaimvera kuti? Pa Kachulu chinsinsi chimafika padoko mwini wake asanatseke pakamwa.

Ndafufuta. Chinthu chokhacho chabwino chimene ndapanga chibwerereni, chapita ndi chala chimodzi. Roza wathokoza, wandiuza kuti ndaonda, ndizidya.

Masana kwabwera amayi awiri a komiti ndi uthenga. Kwaya yakhala pansi, yagwirizana. Mawa kutchalitchi tiyatse ya Lachitatu, "ija yomveka bwino ija."

Zimene ndayesa kuti ndiikonze:

- Kutsitsa Mayi Namaona. Patsala udzudzu.
- Kukweza udzudzu. Mayi Namaona akwera nawo.
- Kuthiramo ng'oma yanga yokoma ija. Ng'oma ikupita ku Zomba, mayi akupita ku Mozambiki.
- Kupemphera kuti batire lithe. Dzuwa lawala tsiku lonse.

Lamulungu

Ayatsa mapemphero atatha, pa sipika yobwereka. Ndinakhala pabenchi lomaliza pafupi ndi khomo. Mayi Namaona adzaza tchalitchi chonse, ndi kupuma komwe, ndi chibangili chomwe. Nthungululu! Amayi ena alira. Fanuwelo, amene wabwerako m'mawa, wawomba m'manja kuposa aliyense.

Mkulu wa mpingo waimirira: "Makina awa ndi osiyana ndi ana amasiku ano. Amadziwa woyenera kumumvera." Kenako watchula dzina langa lonse, ndi la bambo anga, ndi kuti ndinafika ku yunivesite. Wabwereza kuti a kumbuyo amve. Ndinkafuna dzina langa limveke. Lamveka.

Panja andizungulira akuluakulu okhaokha. Mkulu wa mpingo akufuna kujambula, akazi awo akufuna kujambula, bambo wina wopanda mano akuti ali ndi nyimbo za m'nthawi ya atsamunda. Wachinyamata palibe. Akuti maiki yanga ndi ya akuluakulu.

Chigamulo cha a malume: "Nyimbo tamva. Ngati ili yeniyeni, mudziwa ndinu ophunzira. Theka la chipinda inu, theka matemba."

Matumba alowa, asanjidwa m'makoma mpaka kudenga. Ndatsala ndi kampata ka ine, thebulo ndi munthu mmodzi woima. Ndawomba m'manja mwachizolowezi. Makoma sanayankhe. Matemba ameza zonse zimene matileyi anga analephera. Situdiyo yanga sinamvekepo bwino chonchi.

Mawa m'mawa akubwera Mayi Namaona. Akuti ali ndi nyimbo zokwana chimbale chathunthu, ndipo chipindachi tsopano sichitaya kanthu.