Kankhumba ka pa laini ya unga

Imwe ba mu komboni ya Kanyama, kanani ngati mufuna, koma ine ninaseketsapo laini yonse ya unga mpaka mayi wina anagwetsa mwana. (Chabwino, chitenje chabe ndiye chinamasuka.) Koma kunyumba tsiku limenelo tinamwa madzi otentha opanda shuga.

Inali nthawi ija unga unasowa. Ukamva kuti lole ibwera ku shopu, unali kulawira kukaika mwala pa laini. Mwala ndiye iwe. Ukhale pamthunzi, uwodzere, mwala ukuimirira.

Bamayi bananituma ine. Ninaika mwala wanga pafupi na chitseko penipeni, ninakhala pansi na kabuku ka Chizungu kamene ba Fada ba ku parishi, mzungu wa ku Ayalandi, bananibwereka. Tunkhani toseketsa twa kwao. Banthu bake ni ise ndithu: njala, miseche pamaliro, aliyense aopa wansembe koma amunamiza. Tisiyana mvula na mbatata chabe. Ukawerenga, njala yako iyamba kuoneka ngati ili na abale kunja.

Ninali kuseka nekha.

"Iwe mfana, useka chani na njala iyi?" Banali ba Tembo, mdala wokonza njinga.

"Ni mlimi, bambo. Analowa mu tchalitchi na kankhumba mu jekete."

"Tiuzeko na ise mu Chinyanja."

Apa ndiye ninalakwa. Ninaimirira, ninathira mchere. Mlimi ninamusamutsira ku komboni ya Chawama, ninamupatsa na apongozi boyimba kwaya. Banthu bananizungulira. Pofika pamene kankhumba kayamba kulira pakati pa ulaliki, ninaona kuti nkhani ifuna kankhumba. Ninatola mwala wabwino, ninaulowetsa mu malaya, ninayamba: kwiii! kwiii! Ninagwada, ninapemphera, kwiii! Ba Tembo banapukuta misozi na chisoti.

Lole inafika. Aliyense thamangu pa mwala wake. Ine ninafika pa chitseko, pansi pali fumbi chabe.

"Mwala wanga unali apa!"

"Uti?" ba Tembo banafunsa, osaseka manje. "Ise tiona kankhumba. Pita nako kumbuyo."

Unga unatha nikali kuona makosi a banthu, mwala wanga ukali mu malaya.

Kunyumba ninati anyamata ba ndeu ba ku komboni ya Chibolya bananikankha. Na imwe ndiye vimene ninakuuzani zaka zonsezi, ninaonjezapo na mpeni. Kunalibe mpeni. Kunalibe Chibolya. Ndipo bamayi banadziwa mawa lake, pamene ba neba banabwera kutigawirako unga mu kambale.

"Mwana wanu ali na mphatso," banatero. "Alira ngati nkhumba yeniyeni."

Bamayi sibanakalipe. Banaphika, banagawira bang'ono banga, ine bananiikira mbale yovindikira bwinobwino. Ninavundukula.

Mwala uja.

"Idya nkhumba yako," banatero. "Ukakhuta utiuzeko na ise mu Chinyanja."